Tiyi Wofika Pamzere

Ajmer, 9 Okutobala 1994

Amake Hansi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa Hansi ndi mwamuna wake, ndiponso wa njati yathu ya mkaka imene ndinaisiya ikutsimphina. Ine ndinafika bwino Lachitatu, msana wokha ndiwo ukudandaulabe ndi basi ya ku Kathgodam. Moni apite kwa aphunzitsi a Lohani amene akukuwerengerani kalatayi. Aphunzitsi, muwerenge zimene ndalemba, musathiremo zanu.

Bogi yathu ya sitima taitulutsa m'shedi. Nditatsegula chitseko, fungo lija la matabwa akale, polishi ndi utsi wa malasha linandilandira, mpaka ndinacheuka ngati ndiona bambo anga ataima pakhonde ndi thireyi. Sabata yonse ine ndi Bundu Khan, wophika wathu uja, takhala tikukwecha nyale zamkuwa ndi kuyanika makapeti. Iye amakwecha ndi pakamwa, ine ndi manja.

Koma pali nkhani. A Kunwar, amene masiku ano amabwereketsa bogiyi kwa alendo, mdzukulu uja wa mfumukazi yathu Rani Sahiba, atiuza kuti chaka chino ndi chomaliza. Njanji akuikulitsa, ndipo mawilo athu sadzakwananso. Akuti adzaiimika pakati pa maluwa kunyumba yachifumu, anthu azidyeramo. Bundu anati, "Ndiye bwana, ife tizidzaigwedeza ndi manja kuti alendo azimva ngati ikuyenda?" A Kunwar sanaseke.

Ulendo wotsiriza udzakhala mu Malichi, chikondwerero cha Holi chikangotha, ndipo Rani Sahiba eni ake adzakwera. Pobwera ku ukwati wawo, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anakwera bogi yomweyi, ndipo tiyi wawo woyamba wa kuchimuna anawathirira ndi bambo anga. Wotsiriza ndikufuna ndiwathirire ine. Lamulo la m'bogi muno mumalidziwa: tiyi amafika pamzere wagolide wa pakamwa pa kapu, kaya sitima ikuthamanga kaya ikukhota, ndipo kambale ka pansi pa kapu kamafika kwa mlendo kali kouma. Zaka makumi atatu ndi chimodzi sindinanyowetsepo kambale. Ndikungofuna miyezi isanu ina basi.

Musadabwe ndi malembedwe anga. Ndikulembera m'bogi, ndipo akuikankha uku ndi uku pa siteshoni.

Udzu wa njati mudule chisanu chisanafike. Mwala wa padenga umene unasweka muuze mkamwini akonze, koma musamulipire, amadya kwathu mokwanira.

Ine wanu,
Jaman Singh

Udaipur, 7 Novembala 1994

Amake Hansi,

Ndikhulupirira kuti chikondwerero cha Diwali mwadya bwino ndipo nonse muli amoyo. Ine ndili bwino. Ndatumiza marupi mazana asanu ndi atatu pa positi. Mugulepo shawelo yanuyanu, osati kuperekanso kwa Hansi ngati chaka chatha, ali ndi mwamuna.

Alendo oyamba anali Majeremani anayi ndi agogo awiri a ku Bombay, mkazi ndi mwamuna. Anatilumikiza kumchira kwa sitima ya anthu wamba pa Marwar monga mwa nthawi zonse. Titachoka pa Phulad n'kuyamba kukwera, mapiri anali adakali obiriwira, madzi akutsikabe m'miyala. Pa mlatho wokhota uja, pamene wa kumchira amaona injini ili kutsogolo ikupuma wefuwefu ngati nkhalamba yosenza nkhuni, Majeremani anathamangira kuwindo limodzi onse anayi. Agogo a ku Bombay sanadzuke. Anangogwirana manja, ndipo mwamunayo anandiuza kuti anadutsapo pamenepa atangokwatirana, m'bogi ya anthu wamba, ataimirira njira yonse. Ndinawapatsa mabisiketi oposa a Majeremani.

Pa Goram Ghat anyani aja akuda kumaso anatipeza. Mmodzi analanda magalasi a Mjeremani, nakhala padenga n'kumawanyambita mpaka tinamugula ndi nthochi ziwiri.

Bundu anati, "Jaman, lankhula naye m'bale wakoyu. Nonse a kumapiri manja ndi ataliatali."

Ine ndinati, "Akanakhala m'bale wanga akanaba chakudya, koma wanunkhiza kuti waphika ndiwe."

Kapu imodzi ya mzere wagolide yasweka. Inaterereka yokha pathireyi. Zinalipo makumi awiri ndi zinayi chiyambire ukwati wa Rani Sahiba, ndipo nkhondo, njala ndi ana atatu achifumu sizinaswepo ngakhale imodzi. Zidutswa ndazikulunga m'kansalu, zili m'bokosi langa. Bundu anauza a Kunwar kuti waswa ndi nyani. Sindinamupemphe kuti aname, ndipo sindinamuthokoze.

Mukamva za munthu wobwera kuno, munditumizire mafuta a mpiru ophikidwa ndi adyo, aja amayi anu ankapaka m'mawondo. Pali mnzanga wina kuno dzanja lake lamanja likuchita zachilendo.

Ine wanu,
Jaman Singh

Marwar, 12 Disembala 1994

Amake Hansi,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti njati yasiya kutsimphina. Ine ndilipo. Mafuta anafika, mnzanga uja akuthokoza.

Kuno mpiru wachita maluwa, dziko lonse lili chikasu kuchokera pawindo mpaka kumene maso alekezera, ngamila zikukoka ngolo m'mbali mwa njanji. Alendo amafunsa mayina a midzi ndipo ndimawauza osayang'ana n'komwe. Njanji iyi ndimaidziwa ndi mapazi. Kale ndinkachita dala kuthira tiyi pokhota penipeni kuti alendo aombe m'manja, ndipo ankaombadi. Masiku ano ndimadikira powongoka. Dzana kapu ina inaperewera pamzere ndi chala chimodzi. Mlendo sanaone, anamwa n'kuthokoza. Ine ndinaona.

Mnzanga uja ndinamuperekeza kwa dokotala ku Ajmer. Dokotala anamuuza kuti atambasule manja, naika pepala pamwamba pake, pepalalo n'kuyamba kuvina. Akuti matendawo sapha, koma sachokanso, mapiritsi amangowanyengerera. Potuluka anandifunsa kuti atani. Ndinamuuza zoona: munthu amene wadya mchere wa nyumba ya eni sapempha yekha kuti achoke, amadikira mwini nyumba amumange nduwira yotsanzikira. Ndipo mwini nyumba waulemu sachotsa wantchito wokalamba. Ndiye onse awiri amangokhala chete n'kumafunsana za nyengo.

Anyezi akwera mtengo moti Bundu akumawadula ngati akumeta ndevu. Mbewu ya mbatata musagule kwa a Joshi, chaka chatha anatigulitsa yowola.

Ine wanu,
Jaman Singh

Ajmer, 14 Januwale 1995

Amake Hansi,

Moni wa tsiku lalikulu. Ndikhulupirira muli bwino ndipo chipale chofewa sichinatseke njira ya kuchitsime. Ine ndili bwino, kungoti ntchito palibe. Bogi yaima pa njanji ya kuseri kwa shedi masabata atatu tsopano, akukonza zitsulo za kunsi, ndipo siinasunthe ngakhale phazi limodzi.

Lero mtima wanga uli kwathu. Ndikudziwa kuti dzulo munakazinga timikate ta shuga tija, ndipo m'mawa uno ana a m'mudzi anativala m'khosi n'kumaitana akhwangwala padenga. Hansi ali wamng'ono ndinamuona akuchita zimenezi kawiri kokha. Kachiwiriko anadya timikate tonse yekha n'kumalira kuti akhwangwala sakumukonda. Zaka zina zonsezo ndinali pakati pa Mavli ndi Marwar, ndikuuza azungu kuti phiri ilo dzina lake ndi lakuti.

Munthu ukakhala chabe umakumbuka zambiri. Ndakumbuka tsiku limene bambo anandiyesa, chaka chimene ndinakusiyani muli ndi pakati. Anadzaza tambula ndi madzi mpaka pakamwa, naiika pathireyi pamwamba pa pepala loyera, n'kundiuza kuti ndiyende kuchokera kukhitchini mpaka kukhonde la kumchira, sitima ikutsika phiri. Dontho limodzi, khofi limodzi. Ndinalandira makofi asanu ndi awiri tsiku limenelo, ndipo Bundu, amene anali wotsuka mbale, ankandiwerengera mokweza. Kenaka bambo anati, "Usayang'ane madzi, chitsiru iwe. Yang'ana munthu amene ukumupatsa." Kuyambira pamenepo sindinatayenso.

Masiku amenewo Raja, mwamuna wa Rani Sahiba, anali moyo. Tinkapita kosaka nyama ndi mabogi atatu, oimba ng'oma akutidikira pa siteshoni iliyonse. Rani Sahiba ankakhala kuseri kwa katani, ife tinkangoona dzanja lokhala ndi zibangili likutuluka kudzalandira kapu. Ankadziwa mayendedwe a bambo. Ndikapita ine ankati, "Ameneyu ndi mwana wa Bachi Singh, amaponda ngati mbuzi." Bambo anamwalira asananyowetsepo kambale, ndipo mpaka lero akuluakulu a pa Phulad amanditchulabe mwana wa Bachi Singh, ndi imvi zangazi.

Ndimaikonda bogi iyi, amake Hansi, ndinene poyera. Ndikudziwa kuti inakulandani zambiri, koma ndimaikonda.

Mundisungireko timikate tiwiri, ngakhale tiume.

Ine wanu,
Jaman Singh

Ajmer, 6 Febuluwale 1995

Amake Hansi,

Moni. Ndili bwino, ndipo ndikubwereza, ndili bwino.

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaona kuti aphunzitsi a Lohani asanduka apolisi. Akuti ndinalemba ndekha kuti bogi yaima masabata atatu, nanga malembo akuvinabe bwanji? Aphunzitsi, ndi kuzizira. Ku Ajmer kumazizira, ndipo cholembera changa ndi cha rupi imodzi. Inu muziphunzitsa ana kuwerenga, za manja a anthu akuluakulu zisiyeni.

Mukuti ndibwere kunyumba. Sindibwera. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi, ndipo munthu sataya mtolo akuona denga la kwawo.

A Kunwar atibweretsera wothandiza, bambo wina dzina lake Pereira, wochokera kuhotela ina yaikulu ya ku Jaipur. Si munthu woipa. Amavala magolovesi oyera ndipo amathira tiyi wosafika n'komwe pafupi ndi mzere. Nditamudzudzula anati, "Achimwene, kapu yodzaza ndi za kumudzi. Kuhotela timasiyira mlendo malo oika mphuno." Bundu anati, "Mphuno za ku Jaipur ndi zazikulu choncho?" Ndinaseka, koma sizinandifike pamtima.

Lachinayi a Kunwar anandiitanira pambali. Mwana amene ndinkamunyamula paphewa kuti akoke chingwe cha belu! Anati, "Amalume Jaman, mwatopa. Pa ulendo wa agogo adzathira ndi Pereira. Inu mudzaima pachitseko ndi nduwira yanu yofiira, alendo amakonda kukujambulani." Ankalankhula akuyang'ana dzanja langa, ndipo ine ndinalibisa kumbuyo. Ndinati, "Hukum," monga timayankhira eni nyumba, n'kutuluka.

Bundu anandipeza kukhitchini nati, "Pita ukagwade kwa Rani Sahiba, uwauze."

"Ndikawauze chiyani?"

"Chimene ine ndachidziwa kuyambira tsiku la nyani lija. Ukuganiza kuti thireyi ndimakunyamulira mpaka pakatani chifukwa ndimakukonda? Nkhope yakoyo?"

Sindinapite. Wantchito sapempha ulemu, amapatsidwa. Koma kuima pachitseko ngati chidole, pamene munthu wa magolovesi akuthira tiyi wa theka pamalo pamene bambo anga anaimapo, zikundiwawa kwambiri.

Njati ikabereka mwana wamkazi musagulitse, kaya a Joshi anene zotani.

Ine wanu,
Jaman Singh

Ajmer, 10 Malichi 1995

Amake Hansi,

Moni nonse. Ndilemba pang'ono.

Rani Sahiba anafunsa a Kunwar kuti adzathira tiyi ndani. Atamva kuti Pereira, akuti anati, "Pereira ndi ndani? Mwana wa Bachi Singh wamwalira?" Nkhani inathera pomwepo. Adzathira ndine.

Ndapeza chimene ndinkafuna, koma tamvani. M'mawa uliwonse ndimayeserera ndi madzi, Bundu akundiyang'ana. Pa maulendo khumi, kambale kamafika kouma katatu, ndipo apo bogi itaima.

Mupite kukachisi wa pamwamba pa mudzi mukamange kabelu m'dzina langa. Wansembe akafunsa chifukwa chake, mungoti mwamuna wanga ali ndi ntchito Lolemba la pa 20.

Ine wanu,
Jaman Singh

Udaipur, 24 Malichi 1995

Amake Hansi,

Moni kwa inu, kwa Hansi ndi mkamwini, ndi kwa aphunzitsi a Lohani, amene ndikuwapepesa. Kalata iyi akulemba ndi Bundu Khan, ine ndikungolankhula. Malembo akakhala oipa, tsopano ndi umbuli wake, osati manja anga. Akuti alembenso kuti ndine bulu, ndamuuza kuti alembe.

Mnzanga wa dzanja uja ndi ine. Ndikudziwa kuti mukudziwa kale.

Lolemba m'mawa anabwera nawo Rani Sahiba pa mpando wonyamula. Achepa, amake Hansi, atsala ngati mwana, atavala zoyera za umasiye. Anakhala pawindo lomwe anakhalapo ali mkwatibwi, katani atalitsegula, ana ndi adzukulu khumi ndi awiri atawazungulira. Kuchokera pa Marwar njanji ndi yowongoka, ndipo ndinaima ndi thireyi kudikira kuti aitane tiyi pamenepo. Sanaitane. Ankangoyang'ana minda ya tirigu n'kumatchula mayina a anthu amene anamwalira kalekale. Tinadutsa Phulad, tinayamba kukwera, ndipo mawilo atangoyamba kulira pa mlatho wokhota uja ndi pamene anati, "Jaman, tiyi."

Ndinathira. Tiyi anafika pamzere ndendende, Bundu ndi mboni. Kuchokera patebulo kufika pamene anakhala ndi mapazi anayi okha. Loyamba ndi lachiwiri ndinayenda bwino. Pa lachitatu dzanja linayamba, kapu ikugunda kambale mokweza moti aliyense anasiya kulankhula. Ndinayang'ana nkhope yawo monga bambo anandiphunzitsira, koma sizinathandize. Ndinafika kambale katanyowa konse, tiyi akudontha m'zala zanga, madontho awiri atagwera pa nsalu yawo yoyera.

Pereira anabwera ndi kansalu. A Kunwar anaimirira. Ine ndinalakalaka pansi pa bogi patatseguka ndigwere mu mtsinje.

Rani Sahiba anakweza chala, onse n'kubwerera. Analandira kapu ndi manja awiri, ndipo ndi pamene ndinaona kuti awo akunjenjemera kuposa anga. Anakhuthulira tiyi wina m'kambale muja, anauzira, n'kumwa mokoka mpweya, phokoso lake ngati la oyendetsa ngamila pa kantini ya m'mbali mwa msewu. Mkazi wa Raja, pamaso pa ana ake!

Anati, "Kwathu ndisanakwatiwe tinkamwa chonchi. Tsiku lija bambo ako anandipatsa kapu yodzaza, yotentha, ndipo ndinaopa kufunsa kuti ndiuzire pati. Ndinapsa lilime. Ndakhala ndikupsa zaka zoposa makumi asanu poopa kukhumudwitsa banja lanu. Lero ndiye ndamva kukoma kwa tiyi wa m'bogi muno." Kenaka anatembenukira kwa ana awo nati, "Inu mukuyang'ana chiyani? Simunaonepo munthu akumwa? Jaman, athirire onse."

Ndinawathirira, ndipo timbale tonse tinanyowa. Banja lonse lachifumu linamwera m'timbale, mpongozi wa ku Delhi akudzithira pa chovala chake cha sari, a Kunwar ndevu zili chonyowa. Bundu anathawira kukhitchini kukaseka, akuti anali kulira, koma ine ndinamumva.

Sindikudziwa ngati za lilimezo ananena zoona kapena anangondifunditsa nsalu. Bundu akuti zonse ziwiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti kambale kananyowa, ndipo madzi akatayika sawoleka. Ndinalira pakhonde la kumchira mpaka tinatuluka m'mapiri.

Pa Khamli Ghat sitima itaima anaitanitsa nduwira yachikasu. Manja awo sakanatha, ndiye anauza a Kunwar kuti andimange, ndipo mwanayo anandimanga mokhota, misozi ili m'maso. Rani Sahiba anati, "Mchere wathu wabweza wonse, Jaman. Pita kwa mkazi wako. Kodi dzina lake ndani? Zaka zonsezi sindinafunsepo." Ndinatchula dzina lanu pagulu, koyamba chikwatiraneni.

Ndinyamuka Lolemba, basi idzafika pamsewu wa kumunsi Lachitatu masana. Ndisakubisireninso kanthu. Mabatani a malaya amandimangira ndi Bundu. Njati sindingakame, chikwakwa sindingagwire, ndipo dokotala akuti zizipitirira. Manja abwino ndinawathera kwa alendo amene ngakhale mayina awo sindikuwakumbuka, pamene inu munkadula udzu nokha, kulima nokha, kukwatitsa mwana ine nditangobwera masiku anayi. Amene ndikubwera nawowa ndi otsala, ndipo ndilibe mawu okukakamizirani kuti muwalandire.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Musatume mkamwini kumsewu, bokosi lidzatsala pa sitolo ya a Joshi. Mubwere nokha, Motima mkazi wanga. Phiri lija sindikufuna kulikwera ndi munthu wina.

Ine wanu, amene wadinda chala pansipa,
Jaman Singh